Madengu Khumi ndi Awiri a Flora

Ku Pirgos kuno palibe anganene kuti Minas ndi munthu wochezeka. Mukamupatsa moni m'mawa amayankha ndi chibwano, maso ali kumitambo. Koma mukafunsa amene amadziwa kuluka mpesa pachilumba chonse cha Santorini, ngakhale amene sayankhulana naye amaloza khomo lake, uku akutsonya.

Mpesa wathu suima chilili. Mphepo ya kuno ingauthyole tsiku limodzi, ndipo mchenga umene imanyamula umaboola mphesa. Ndiye chaka ndi chaka, m'miyezi yozizira, munthu amagwada pansi, n'kusankha nthambi zinayi kapena zisanu, n'kuzipinda mozungulira mpaka mpesawo ukhale ngati dengu lokhazikidwa pansi, mphesa zizikulira m'kati mobisala. Pansi pakepo si dothi ayi, ndi phulusa ndi timiyala topepuka timene phiri la moto linalavula makolo athu asanabadwe. Mvula ndi ya apo ndi apo. Chimene mpesa umamwa kwambiri ndi nkhungu ya m'nyanja imene phulusalo limayamwa m'mawa.

Minas anayamba kugwada m'minda ya banja la Verginis ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, pambali pa bambo ake, amenenso anayambira pambali pa bambo awo. Banja la Verginis lakhala likufinya vinyo m'phanga lawo la pansi pa tchalitchi kwa mibadwo isanu, ndipo mphesa zake ndi zomwezo za makolo, za asirtiko, zoyera, zowawasa ngati mawu a Minas yemweyo. Tsopano ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zinayi. Mawondo ake anatupa kalekale, moti m'tchalitchi amapemphera choimirira, koma m'munda amagwada tsiku lonse osadandaula. Wansembe anamufunsapo za zimenezi, iye n'kuyankha kuti phulusa ndi lofewa kuposa simenti.

Anakwatira mochedwa. Flora anali mwana wa msodzi wa ku Akrotiri, wamfupi, wapakamwa, wamanzere. Amayi ake a Minas analira sabata yathunthu, amati munthu wamanzere akagwira mpesa aupotola. Anaupotoladi. Aliyense kuno amapinda nthambi cha kumanja, koma Flora ankapinda cha kumanzere, ndipo atamukalipira anayankha kuti mphesa sizidziwa dzanja. Anadzisankhira mzere wa m'mbali mwa mpanda wa miyala m'Munda wa Kumtunda, mipesa khumi ndi iwiri, n'kulengeza kuti mwamuna wake akaugwira mzere umenewo adzagona ndi njala. Kwa zaka makumi atatu analuka mzerewo yekha, akuimba nyimbo zosamveka mutu. Ana sanakhale nawo. Anamwalira zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, mu Febuluwale, mpeni wake wopindika uli m'thumba la epuloni. Kuyambira pamenepo Minas ankaluka mzerewo cha kumanzere, movutikira, akutukwana chamumtima, kuti mikombero yake igone bwino pamwamba pa ya mkazi wake.

Paja dengu la mpesa silitaya kanthu. Mkombero wa chaka chino umagona pa wa chaka chatha, ndipo munthu wodziwa akaweramira amaona manja a onse amene anagwadapo. M'madengu a kumpanda aja, pansi penipeni panali mikombero ya agogo ake a Minas, yakuda bii, kenako ya bambo ake, yothina kwambiri, kenako mikombero makumi atatu yolowera kumanzere.

Vuto lake ndi lomwelo. Madzi ochokera kumizu amayenera kuzungulira mikombero yonseyo kuti akafike kumasamba, ndipo pakatha zaka makumi asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu mpesa umatopa ndi ulendowo. Pamenepo mwambo wake ndi umodzi basi: kudula dengu lonse pakhosi, pamene thunthu latulukira m'phulusa. Mizu ndi yakale, ina ya zaka mazana, ndipo imaphukanso. Koma kudulako kumafuna nyengo yozizira, mpesa uli mtulo. Ukadzuka, mwachedwa.

Munda wa Kumtunda anaudula komaliza ndi agogo ake a Minas, chivomezi chachikulu chija chisanagwetse nyumba za m'mudzi muno. Nthawi yake inali itapitirira, ndipo aliyense ankadziwa. Chaka chilichonse mwini mindayo, Lukas Verginis, amene timamutchula mwaulemu kuti Kir Lukas, ankafunsa ngati nthawi yodula yakwana, ndipo chaka chilichonse Minas ankati chaka chamawa. Kir Lukas ankamukhulupirira ngati m'bale wake, sankapitanso kukaona. Kenako mkuluyo anafa ziwalo mbali imodzi, ntchito yonse n'kugwera mwana wake wamkazi, Kaliopi, amene anaphunzira za vinyo kusukulu ndipo sakhulupirira chinthu chimene sanachigwire ndi manja.

Unali Januwale wa chaka chachitatu cha chilala pamene Kaliopi anakwera ku Munda wa Kumtunda. Anapeza Minas atagwada pakati pa munda. Sanamupatse moni. Anayenda mzere ndi mzere, akupinda nthambi apa ndi apo, ndipo zambiri zinkangoti thyo ngati nkhuni. Minas ankamva kuthyoka kulikonse m'mano mwake, koma mutu sanadzutse.

“Barba Minas,” anatero Kaliopi, poti ankamutchula choncho, ngati malume, kuyambira ali wakhanda. “Munda uwu ukufa, ndipo inu mukudziwa.”

Minas anati ndi chilala chabe, mvula ikabwera zonse zidzabwerera mwakale. Kaliopi anati chilala chagwa pachilumba chonse, nanga bwanji munda wa kumunsi umene anaudula zaka khumi zapitazo uli ndi nthambi zamoyo? Minas anati kudula mpesa m'chaka chopanda mvula ndi kupha, bala silipola pouma. Anatinso iye anayamba kuluka bambo ake a Kaliopi asanamere ndevu. Analankhula zambiri tsiku limenelo, kuposa zimene amalankhula mwezi wathunthu, ndipo Kaliopi anamusiya mpaka mawu anamuthera.

“Tsiku la Trifoni Woyera lisanafike, madengu onse akhale atadulidwa,” anatero. “Mukakana inu, Lolemba ndibwera ndi Lefteris ndi makina ake.”

Trifoni Woyera ndiye woyang'anira mipesa, ndipo tsiku lake, loyamba la Febuluwale, palibe amagwira mpeni. Kunali kutatsala masabata awiri. Koma chimene chinamupweteka Minas si masikuwo ayi, ndi dzina la Lefteris. Lefteris ndi munthu wodula mitengo ya m'mahotela, wonenepa, wosekaseka, amene mpesa amaudziwira m'tambula basi.

Lolemba Minas anatumiza mawu kuti akudwala. Odwala ake ati? Dzuwa lisanakwere anali atakhala kale pa mpanda wa miyala, chipewa chili pamphuno, sowo wake ali m'chisaka pambali, akuti wangodutsa. Lefteris anafika akuimba mluzu, namufunsa ngati wabwera kudzaphunzira ntchito. Makina analira, utsi unafuka, ndipo dengu loyamba linagubuduka. Minas anatsika pampandapo ndi changu chimene mawondo ake anali asanachionepo zaka khumi. Lefteris anali atadula pansi kwambiri, m'mizu mwenimweni, pansi pa timaso timene mphukira zimatulukira. Mpesa umenewo unali utaona zivomezi, nkhondo ndi njala, ndipo unafa m'kanthawi kosakwana kumeza malovu.

Lefteris anati pepani, wachiwiriwo adula m'mwamba pang'ono. Anadula m'mwamba kwambiri, n'kung'amba khungwa mpaka pansi.

“Zimitsa chinthu chakocho,” anatero Minas. “Pita ukadule mizati ya magetsi. Amayi ako akanadziwa kuti manja amenewa adzakhala otere, akanakuphunzitsa kuluka masokosi.”

Lefteris anaseka, nati nkhalamba yachira msanga. Kaliopi anali ataima kuchipata, manja atapinda pachifuwa. Minas anamuyang'ana ndipo anazindikira kuti mtsikanayo anadziwa kale mmene zidzathere. Anamuda tsiku limenelo, kumuda kwenikweni, kwinaku akutulutsa sowo m'chisaka.

Anadula masiku khumi ndi awiri. Pa mpesa uliwonse ankayamba wafukula phulusa ndi zala, kupapasa khosi mpaka atapeza timaso, kenako n'kucheka pang'onopang'ono, mopendeketsa kuti mame asakhale pabala. Akatha ankakwirira chitsacho ndi phulusa. Madengu odulidwa anaunjikana kuchipata mpaka kupitirira mutu wa munthu. Anayambira kumunsi, kutali ndi mpanda, ndipo tsiku lililonse mpandawo unkamuyandikira. Chakudya chinamukanika. Fava, chipere chathu cha nsawawa zouma, imene mlongo wake ankamutumizira inkauma m'mbale, iye akungomwa khofi.

Anafika pa mzere wa Flora masana a tsiku lomaliza la Januwale. Anagwada, anafukula, anapeza khosi, anaika sowo. Dzanja linakana. Pamaso pake penipeni panali mkombero wina wokhala ndi mfundo yoipa, ndipo anaikumbukira mfundoyo: chaka chimene anakangana za denga lodontha, Flora analuka mokwiya, nthambi n'kuthyoka, iye n'kuimanga ndi kansalu ka diresi lake. Kansaluko kanali kataola kale, koma mfundo inalipo. Anakhala chogwada choncho mpaka mthunzi wa mpanda unamufika.

Kaliopi anamupeza ali pomwepo. Minas anafulumira kukanda khungwa ndi chikhadabo, namuonetsa kubiriwira kwa m'kati. Anati mipesa iyi ndi yamphamvu, mpanda umaiteteza ku mphepo, nkhungu imakhalitsa pano, ingathe kupirira zaka zina zisanu. Linali bodza, ndipo onse awiri ankadziwa. Mzere wa kumpanda ndiwo unali wotopa kuposa yonse, chifukwa Flora sankataya nthambi, madengu ake anali aatali kufika m'chiuno.

Kaliopi anayang'ana mikombero ya kumanzere ija nthawi yaitali. Flora ndi amene ankamuluka tsitsi ali mwana, amayi ake atamwalira, ndipo ankamuluka cha kumanzere komweko, anzake kusukulu n'kumamuseka.

“Ndikupempha, mwana wanga,” anatero Minas. Chibadwire anali asanapemphepo kanthu kwa munthu wa kwa Verginis. “Khumi ndi iwiri yokhayi.”

“Ndi yanu, Barba. Koma ikafa, sichikhala chilala.”

M'mawa mwake wansembe anadutsa m'minda akuwaza madzi odalitsa, ndipo m'Munda wa Kumtunda anawaza pa phulusa lopanda kanthu ndi pa madengu khumi ndi awiri.

Febuluwale anatha wopanda dontho. Mu Malichi kunawaza kamodzi, kamvula kosanyowetsa ndi chipewa chomwe. Pamalo omwera khofi amuna ankanong'onezana kuti Minas wapha munda wa Verginis pa ukalamba wake, ena n'kumati ndi mtsikana uja wa mabuku. Minas ankakwera kumunda m'mawa uliwonse, kufukula chitsa chimodzi, kuchiyang'ana, kuchikwiriranso. Zitsa zinali zii. Koma sabata yachitatu ya Malichi madengu a Flora anatulutsa timasamba, oyamba pachitunda chonse, tofiirira, taubweya.

Abale, munthu uja anasintha! Anameta ndevu pakati pa sabata. Anagulira anthu khofi, iye amene sagulira munthu ndi madzi omwe. Anauza aliyense wofuna kumva, ndi wosafuna yemwe, kuti odulidwa ali chigonere pamene osadulidwa adzuka, ndiye anthu aone okha amene amadziwa mpesa pakati pa sukulu ndi mawondo. Mawuwo anamufika Kaliopi. Anthu anamuona akukwera kumunda madzulo, akuyenda pakati pa zitsa zosalankhula zija, nkhope itagwa. Iyenso ankaopa, poti akanakhala kuti walakwa, anali atapha mizu imene agogo a agogo ake anaisiya.

Kumayambiriro kwa Epulo phulusa linayamba kung'ambika. Chitsa chimodzi, kenako khumi, kenako munda wonse. Mphukira zinatuluka zonenepa ngati chala, zitatu kapena zinayi pa chitsa chilichonse, zikukula mooneka ndi maso. Kupatula iwiri ya Lefteris ija, panalibe mpesa wodulidwa umene unatsala. Minas anasangalala, n'zoona, poti inali ntchito ya manja ake. Koma akatembenukira kumpanda mtima unkamuthawa. Masamba a Flora sanakule. Anangokhala timasamba tomwe tija, tochepa ngati khutu la mbewa, ndipo m'mphepete mwake tinayamba chikasu.

Pasaka itangopita kunabwera mphepo yotentha ya kummwera, yonyamula fumbi lofiira. Inaomba masiku atatu. Mphukira za pazitsa zinagona pansi n'kudzukanso, poti madzi ake anali pafupi. Timasamba ta kumpanda tinapinda manja.

Apa m'pamene Minas anachita chinthu chimene munthu wa kuno sachita. Anayamba kuthirira mpesa wakale. Mwana wa mpesa amathiriridwa chaka choyamba, koma kuthirira mpesa wa zaka mazana kuli ngati kumwetsa bambo ako phala ndi sipuni pagulu. Ankatunga m'chitsime cha mvula cha kunyumba kwake, madzi ake akumwa, zigubu ziwiri ulendo umodzi, kukwera nazo chitunda ndi mawondo aja. Anthu ankamuona ndipo poyamba ankaseka, kenako anasiya kuseka, ankangoyang'ana kumbali akamadutsa. Phulusa linkamwa madziwo nthawi yomweyo. Mizu inali nawo madzi, koma njira yopita kumasamba inali yaitali kwambiri, ndipo m'mikombero ina inali itatsekeka kale.

Tsiku lachisanu ndi chinayi la kuthirirako, m'mawa wa mu Meyi, anapeza Kaliopi atakhala pa mpanda. Mphepo ya kumpoto inali itayamba, yamphamvu, yoti munthu poyankhula amakweza mawu. Pambali pake panali chisaka chija cha sowo, anali atakachitenga kwa mlongo wake wa Minas. Sanamudzudzule. Anangoti nyengo yodula inapita kale, iye akudziwa, ndipo mwina kudula lero sikupulumutsa kanthu, koma kusadula ndiye kupha yonse mosakayika. Anati Minas akafuna, iye adula yekha, kuti nkhalambayo isaone.

Minas anatula zigubu. Anayang'ana masamba ouma akugwedezeka m'madengu, ndipo kwa nthawi yoyamba analankhula zoona.

“Ndinkadziwa kuti nthawi yodula yakwana kuyambira chaka chomwe Flora anamwalira. Bambo ako ndinawanamiza kasanu ndi kanayi.” Anatambasula dzanja. “Bweretsa kuno. Saugwira munthu wina mzere umenewu.”

Anagwada pa woyamba. Munthu wodula amadziwa ndi utuchi: mpesa wamoyo umatulutsa utuchi wonyowa, womata pa sowo, wonunkhira ngati udzu. Utuchi wa woyamba unauluka ndi mphepo ngati ufa. Pabala panali pofiirira mpaka pakati. Anakankhira dengulo pambali, nakwawira pa wachiwiri. Chimodzimodzi. Wachitatu, wachinayi. Wachisanu unali wa mfundo ija, ndipo anaucheka maso ali kumbali. Wouma. Kaliopi ankamutsatira, akunyamula madengu n'kuwatsamiritsa kumpanda, ndipo anali opepuka moti ankawanyamula ndi dzanja limodzi.

Pofika wachisanu ndi chitatu manja a Minas anali akutuluka magazi, poti khungu la nkhalamba silichedwa. Kaliopi anati apumule. Iye sanamve n'komwe. Wachisanu ndi chinayi, wakhumi, wakhumi ndi chimodzi, yonse inangofuka fumbi. Misozi inkatsika m'masaya mwake iye osaipukuta, ndipo ankanong'ona dzina la mkazi wake monga ankachitira akamupepesa pa zinthu zazing'ono, pa nsapato zamatope ndi pa mawu oipa.

Wakhumi ndi chiwiri unali pakona, pamene mpanda umathera ndipo chitunda chimayamba kutsetsereka kupita kunyanja. Uwu ndi umene Flora ankamalizira tsiku lililonse, atatopa, ndipo mikombero yake inali yotayirira kuposa ina. Minas anafukula khosi, anaika sowo, anakoka kawiri, katatu. Sowo unalemera. Anaima, nautulutsa, nauyandikiza kumaso. M'mano mwake munali mutamata utuchi. Anaufinya pakati pa zala ndipo unagwirana.

Anamaliza kucheka pang'onopang'ono kwambiri, mpweya ataugwira, mpaka dengu linapendekeka n'kugwera cham'mbali. Pakati pa balalo panali poyera, ndipo ataliyang'anitsitsa panatuluka kadontho kamodzi, kenako kena. Mphepo inali ikuponya mchenga pabala lonyowalo. Minas analiphimba ndi manja onse awiri, naweramirapo ndi chifuwa.

Mphepo yomweyo inalipeza dengu lija litaima cham'mbali pakona. Linagwedezeka, linasuntha, kenako linayamba kugubuduka kutsika chitunda, likudumpha pamiyala, mikombero ya agogo, ya bambo ndi ya Flora ikuzungulira pamodzi. Kumunsi kwake kuli phompho, ndipo pansi pa phompholo pali nyanja.

“Barba, dengu!” anafuula Kaliopi, atayamba kale kuthamanga.

Minas analiona. Analitsatira ndi maso mpaka linafika pakati pa mtsetse, koma manja ake sanawachotse pachitsapo.

“Lisiye,” anatero. “Bwera ndi chigubu, unyowetse phulusa tikwirire apa. Fulumira, mwana wanga, pakuuma.”